Yakudayo, Malume

Malume anali atasankha kale. Anagogoda ndi chala laputopu yapinki, yopyapyala, yonyezimira ngati kalilole.

"Tikulungireni iyi," anauza wogulitsa. "Ndi yopepuka, yoyenera mtsikana."

Mtsikanayo anali chiimire pambali pawo. Chibadwire anali asanawatsutsepo malume akewo, amene anamulera mpaka kumufikitsa ku koleji. Koma maso ake anali pa ina yakuda, yolemera, yokalika pakona, imene inali pashelefu yapansi. Ankadziwa kuti yapinkiyo ikakomoka ikangolawa mapulogalamu a sayansi.

Wogulitsa anayamba kumatula tepi.

"Malume, pepani," anatero mtsikanayo. "Ine ndikufuna yakudayo."

Malume anatembenuka.

"Chinjerwa chimenecho? Anzako akakuseka, mwanawe."

"Akaseke. Akamaseka, ine ndidzakhala ndikumaliza ntchito."

Malume anamuyang'anitsitsa, koma iye sanagwetse nkhope. Kenako malumewo anawerama, mawondo akulira, n'kuinyamula okha yakudayo.

"Liuma ili ndi la mlongo wanga ndithu," anang'ung'udza, akuiika patebulo. "Bambo, siyani tepiyo. Tiyatsireni iyi, mwini wake aiyese."