Kanyali Kachikasu pa Dashibodi

Sinikka analowetsa galimoto m'galaja ya mchimwene wake Tarmo, natuluka osakuntha n'komwe chipale chofewa cha kunsapato. Makiyi anawaponya patebulo la zida. Kanyali kachikasu kaja kanali katayakanso pa dashibodi, ndipo iye zinali zitamukwana.

Kawiri konse Tarmo anali atasintha sensa, kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi a mu injini. Kawiri konse kanyaliko kanazima masiku ochepa n'kuyambiranso. Amene ankavutika nako kwambiri anali Raimo, mwamuna wa Sinikka, yemwe Lachinayi lililonse ankatenga galimotoyo kupita kukanyumba kawo ka kunkhalango kukadula nkhuni, n'kubwerako Lachisanu kanyali kali ngwee. Masiku amenewa Raimo sankabisanso mawu. Ankati mlamu wakeyo amaika masensa otola m'magalimoto akufa, kuti mowa unamudya manja, ndipo tsiku lina injini idzapsa pakati pa nkhalango, iye n'kufera pamsewu ndi chisanu. Dzulo lake anali atagamula kuti Tarmo asadzapondenso pakhomo pawo, ngakhale pa Khirisimasi.

Uthenga umenewo ndi umene Sinikka anabweretsa, ndipo unkamulemera. Makolo awo atamwalira, Tarmo ndiye anamulera, kumuphikira phala ndi kumuperekeza kusukulu kunja kukadali mdima. Amati chibale n'fupa sichiola, koma fupa nalo limatsamwa. Munthu wamtundu wanji woseweretsa moyo wa mwamuna wa mlongo wake chifukwa cha kachitsulo kosakwana chala?

Tarmo anatsegula boneti osanena kanthu. Analumikiza makina ake oyezera pansi pa chiwongolero, nawerenga zimene analemba, n'kugwedeza mutu. Anatsegula redieta, madzi anali odzaza. Anatsata mawaya ndi chala mpaka pa sensa, osapeza podukapo. Kenako anatenga pashelefu masensa awiri amene anachotsa aja, nawaviika m'kapu ya madzi otentha a m'ketulo, n'kumawayeza limodzi limodzi. Chete wakeyo ndi amene ankamuwawa Sinikka koposa. Kwa iye, munthu wosalakwa akanayankha.

"Achimwene, ngati ntchito yakukanikani ingonenani," anatero. "Si inu nokha makaniko m'tauni ya Pudasjärvi muno."

Tarmo anangomuuza kuti khofi ali mufulasiki, athire ngati akufuna.

Pamenepo Sinikka anakhuthula zonse. Anamukumbutsa kuti Raimo sanamulakwirepo, kuti ankamubweretsera nkhuni ndi nyama ya kosaka, kuti ankamutenthetsera sauna, bafa la nthunzi, akabwera kudzacheza. Anati anthu m'sitolo ayamba kunong'ona za mowa wake, ndipo iye watopa ndi kuchita manyazi. Ankalankhula akuyang'ana khoma la masipanala, chifukwa nkhope ya mchimwene wake sakanatha kuiyang'ana.

"Alamu anu akuti musabwere pa Khirisimasi," anamaliza. "Ine ndagwirizana nazo. Kumanda kwa amayi ndikayatsa ndekha makandulo."

Tarmo anaika sensa pansi. Anapukuta manja nthawi yaitali, chala chimodzi chimodzi, ngakhale analibe girizi wambiri. Manjawo sankanjenjemera, koma Sinikka anati mwina lero sanalawe. Mtima unamuwawa, komabe anamva kupepukidwa kuti wanena, ndipo anatambasula dzanja kuti atenge makiyi.

"Dikira kaye, Sinikka," anatero Tarmo. "Ndinafuna kuti zimenezi usazimvere kwa ine. Masensa onsewa alibe vuto, ngakhale loyamba lija ndinalichotsera pachabe."

Anamufotokozera pang'onopang'ono. Anati galimoto ya mtundu umenewu ikagona panja italumikizidwa ku magetsi, hita ikutenthetsa injini usiku wonse, m'mawa kompyuta yake imasokonezeka. Imapeza madzi ali otentha pamene mphepo ya kunja ikuluma, ndiye imaganiza kuti sensa lapenga, n'kuyatsa kanyali. Anati iye mwini zinamutengera nthawi kuti azitulukire.

Sinikka anaseka kuseka kowawa. Bodza lomaliza linali limeneli? Anamuuza kuti apeze china chonamizira, chifukwa kwawo galimotoyo imagona m'galaja yofunda, ndipo chigulireni sanailumikizepo ku magetsi.

"Ndikudziwa," anayankha Tarmo. "N'chifukwa chake mwezi watha ndinawafunsa alamu kuti akachoka panyumba amakailumikiza pakhomo pa yani. Tsiku lomwelo ndi limene ndinasanduka chidakwa pakamwa pawo."

Dzanja la Sinikka linauma pamwamba pa makiyi. Kanyumba ka kunkhalango kaja anakamanga bambo awo kutali ndi mapolo, ndipo chimangireni sikanakhalepo ndi magetsi. Nanga Lachinayi lililonse Raimo ankagona kuti?