Kalavani Ili pa Jeke

Nyengo yotentha inatha bwino, ndipo kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, inabwerera kuseri kwa khola la mlimi wina kunja kwa tauni ya Dokkum, kumene imakhala mpaka chisanu chitadutsa. Mdima unawapeza Tjitske ndi mwamuna wake asanamalize kuisamalira, koma Tjitske sanadandaule. Mkati anali atakolopamo kale, zofunda atatulutsa. Chotsala chinali kuikweza ndi jeke kuti matayala asaphwe ndi kulemera, kenako kumanga loko pa tayala poopa akuba.

"Unikira kuno, mayi iwe, osati ng'ombezo," anatero mwamuna wake Wiebe, akukwawira kunsi kwa kalavani ndi chitsulo chochirikizira.

"Ng'ombe sizilongolola ngati iwe. Fulumira, nkhalamba, supu akutidikira kunyumba."

Anaseka onse. Jeke anali atakweza mbali imodzi, tayala lili m'malere. Tjitske anagwada n'kuyamba kulowetsa loko.

Kalavani inagwedera. Inagwederanso, pang'onopang'ono, monga imachitira munthu akamayenda mkati kuchoka kogona kupita kophikira. Jeke analira.

"Tjitske!" Wiebe anakuwa ali pansipo. "Wapenga? Salowa mkati ili pa jeke! Tsika, undiphwanya!"

Tjitske anaunika chitseko. Chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba mwake. Anaika tochi pa udzu, n'kugwira mwendo wa mwamuna wakeyo ndi manja awiri.

"Ndili pano, Wiebe," ananong'ona. "Bwerera chafutambuyo. Usadzutse mutu."

Mapazi oyenda mkatiwo anadzaima pamwamba penipeni pa chifuwa cha Wiebe, ndipo jeke anayamba kupendekeka.