Mphini za Sumaya

"Wamucheka ndani mwanayu?" anafunsa mayi wa boma woteteza ana, akuloza pachifuwa pa Sumaya.

Hadijah, mayi wa mwanayo, anafotokoza m'Chizungu chothyokathyoka kuti zinali mphini. Mwana atayamba kubanika kunyumba ku Gezina, azakhali ake anamutemera mankhwala akumudzi. Zitakanika ndi pamene anathamangira naye kuchipatala kuno.

"Ndi lumo? Ameneyu sabwerera kwanu mpaka khoti ligamule."

Hadijah anagwira mkono wa nesi amene ankakonza diripi. "Sisitala, tandiyankhulireniko. Kodi kuno ku Joni kulibe zimenezi?"

Pamkono womwe anagwirawo panali mphini zitatu zakalekale. Nesiyo anachotsa dzanja la Hadijah pang'onopang'ono, n'kutsitsa mkono wa juzi yake.

"Ine zimenezo sindizidziwa," anatero.