Nambala ya Pansi pa Chitini

Yasmin anali atagwada m'chipinda, akusanja katundu wa dzinja. Shuga uku. Sopo uko, kutali ndi ufa. Mchere, machesi, mafuta ophikira, mabatire a tochi. Ku Makanjira mvula ikayamba, msewu umasanduka matope okhaokha, malole n'kumagona panjira sabata yathunthu. Amene anakwerako akudziwa. Choncho Yasmin anali atagula zonse kamodzi ku Mangochi boma, milatho isanayambe mwano.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali pashelefu yapamwamba: zitini khumi ndi ziwiri za ufa wa phala la ana. Wa m'sitolo, wonunkhira ngati bisiketi. Anagulira Wadi, mwana wake wa miyezi isanu ndi inayi. Zitini zinayi zinali zitatha kale. M'masabata atatu okha!

Kadyedwe kameneka kankamukondweretsa mtima. M'mawa uliwonse iye ankapita kukaphunzitsa kupulayimale, mwana n'kutsala ndi bambo ake, a Jaffalie. Nyanja inali yotseka, makoka ali chipachikire pamtengo, ndiye bambowo ndi amene ankaphika phala ndi kudyetsa. Ankagwira ntchitoyi mosanyinyirika. Amuna anzawo akabwera kudzawatenga kuti akasewere bawo, ankakana. Ndipo Wadi ananenepa, masaya ngati mandasi.

Madandaulo pakhomopo anali awiri okha. Makoswe ankamaliza mtedza m'thumba, ngakhale thumbalo linali losabooka. Ndipo m'mimba mwa a Jaffalie munkangolira ngati injini ya boti. Eni ake ankati ndi mango osapsa.

Wailesi inali kulankhula yokha pakhonde. Nyimbo inaduka. Panabwera chilengezo: kampani yopanga ufa uja ikuitanitsa zitini zonse zimene nambala yake ya pansi ikuthera ndi 47. Mwapezeka tizilombo totsegula m'mimba. Musadyetse mwana. Bwezani kumene munagula.

Yasmin anatsitsa chitini chimodzi. Anachitembenuza. 47.

China. 47.

Zitini zotha sankataya, ankasungiramo singano ndi mabatani. Anazitenga zinayi zija n'kuzitembenuza. Zonse 47.

"Bambo a Wadi! Mwamva wailesi?"

A Jaffalie anatulukira kuseri kwa nyumba, ketulo ya madzi ili m'manja. Ulendo wachitatu wa kuchimbudzi umenewo chichokereni kumzikiti.

"Ati chiyani, Abiti Mustapha? Atsegula nyanja?" anafunsa, pomuitana Yasmin ndi dzina la bambo ake omubereka.

"Nyanja yanuyo! Ati ufa wa mwanawu ndi woipa. Zitini zinayi, bambo a Wadi. Zinayi!"

Bambowo anaika ketulo pansi. Anakhala pampando pang'onopang'ono, ngati munthu wokalamba.

"Ya Allah. Ati umatani?"

"Kutsegula m'mimba. Kutentha thupi. Kufooka."

"Ati... umapha?"

"Ati amene wadya athamangire kuchipatala."

Thukuta linawatuluka pachipumi. Yasmin anawayang'ana, mtima n'kumusungunuka ngakhale anali pa mantha. Amuna ena mwana akadwala amangoti, pita naye. Koma awa! Milomo yachita kuuma chifukwa cha mwana wawo.

Anathamangira pamphasa pamene Wadi anagona. Anamugwira pachipumi: pozizira bwinobwino. Paliwombo: posalowa. Anasuzumira m'thewera: mulibe chachilendo. Wadi anatsegula diso limodzi, anaseka, n'kumugwira mphuno.

Zimenezo sizinamutonthoze. Matenda ena amayamba abisala. Ndipo kumwamba kunali kutada, bingu likuguguda cha kumapiri a ku Mozambique. Mtsinje ukadzaza, kuchipatala sikupitika mpaka mawa.

Anabereka mwana. Anatenga ambulera, matewera awiri, buku la kusikelo. Chitini chimodzi anaponya m'jumbo kuti adokotala akaone okha nambalayo.

"Itanani kabaza, msanga!"

A Jaffalie sanaitane. Analowa m'chipinda, n'kumafwanthula m'sutikesi. Anatuluka atavala nsapato za Lachisanu, dzanja lina lili pamimba, lina litagwira kabuku kakale kodyedwa ndi mphemvu.

"Buku ndatenga kale ine," anatero Yasmin.

"Ili ndi langa."

"Lanu? Akudwala ndani, inu kapena mwana?"

Bambowo anayang'ana zala za kumapazi.

"Mwanayo mutsitseni agone, Abiti Mustapha. Ufawo anaulavula tsiku loyamba lomwe, ine n'kungoti ndilawe. Iye amadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro za mtedza wanu uja. Kuchipatala mutenge ine."