Bonongwe wa Pansi pa Dengu

Chikhazikitsireni lamulo loti m'munda muzimera zokhazo zolembetsedwa m'makina, tindege topanda woyendetsa tinkabwera Lachiwiri lililonse kudzapopera mankhwala pa chilichonse chosakhala chimanga. Kwa tindegeto, bonongwe ndi chisoso zinali udzu basi.

Nangondo sanagonje. Lolemba madzulo ankavundikira bonongwe wake ndi madengu akale pakati pa mizere, tindege tikadutsa n'kukavundukula. Ana ake anayi ankadalira ndiwo zomwezo m'mwezi wanjala wa Febuluwale.

Lachitatu lina anapeza madengu ataunjikidwa pachulu, bonongwe yense atafota ngati wathiridwa madzi otentha. Zidindo za nsapato pamatopepo zinali za mwamuna wake, Lufeyo. Anamupeza pakhonde akusoka thumba.

"Bambo a Tamanda, mwavundukula madengu anga ndinu?"

"Pafoni panabwera uthenga," anayankha Lufeyo osadzutsa mutu. "Akuti kandege kajambula zachilendo m'munda mwathu. Kakajambulanso atichotsa m'gulu la alimi, mbewu sitidzalandira."

"Zachilendo? Bonongwe amene wakulerani mpaka kumera ndevu lero wasanduka mlendo? Chinthu chopanda mimba chikulamuleni za kudya, inu a mimba n'kuvomera?"

"Komatu chimanga chili bwino, mayi."

"Chimanga chikhwima mu Epulo. Ana afuna kudya lero."

Masana Nangondo anagawira ana mfutso womaliza wa chaka chatha. Kwa mwamuna wake anapititsa mbale ya ndiwo yovundikira bwinobwino, n'kugwada monga mwa ulemu wake. Lufeyo atavundukula anapezamo foni yake.

"Idyani, bambo," anatero Nangondo. "Ndiwo zake mwathyola nokha."