Mawondo Awiri a Njati

Padangokhala, kale mvula isanaphunzire kunama, nyamakazi inadya mawondo a Njati wokalamba. Bondo lamanzere anamusemera Gogomole, mmisiri wakale woyeza ndi maso. Patapita zaka, lamanja anamuikira Kangaude, mlendo woyeza ndi ulusi mosaphonya.

Amisiriwo anakangana za amene anapanga bondo labwino koposa, napangana kuti wolephera asamuke m'nkhalangomo. Pofuna kuyesa mawondowo, Njati anakwera phiri n'kutsika osatsimphina.

"Agogo, labwino ndi liti?" anafunsa Kangaude.

"Onse awiri akundinyamula," anatero Njati. "Koma a Gogomole, posema paja, ankandifunsa za malemu mkazi wanga mpaka ululu ndinauiwala. Inu a Kangaude, ulusi wanu sunama, koma ngakhale dzina langa simunandifunse."

M'mawa mwake Kangaude anapita kwa Gogomole kukaphunzira moni.