Kadontho ka a Osvaldo

A Osvaldo, mphunzitsi wa masamu, ankagwira mapepala a porova, mayeso a ana awo asukulu, ndi nsonga za zala ngati akutola khoswe wakufa. Ena anali ndi mafuta a ndiwo, ena ankanunkha utsi. Koma chimene chinkawachititsa nseru kwenikweni chinali yankho.

Funsolo linali losavuta: timadontho tiwiri pa girafiko, upeze kupendekeka kwa mzere wodutsa pamenepo. Uwerenge mabokosi okwera, ugawe ndi mabokosi opita kumanja, basi. Iwo anapeza 3. Kalasi yonse inalemba 2.

Anthu salakwa mofanana chonchi popanda wowatsogolera. Kunali kubera kumeneku, ndipo mwini wake ankamudziwa: Olinda, mtsikana wa ku Mualadzi amene anzake ankamuunjirira nthawi yopuma.

Anamuitanitsa ku ofesi. Pasukulupo wobera porova ankabwereza chaka, ndipo bambo a Olinda anali atanena kale kuti akadzangobwereza, khasu likumudikira.

"Ndiwe wagawira anzako nyansi zimenezi?"

"Sindinaonetse munthu, a purofesoro. Yankho lake ndi 2."

A Osvaldo anatsonya. Kuba abe, mwano achitenso? Ana a masiku ano ankawanyansa, ndipo sankabisa. Ananyowetsa chala palilime, monga ankachitira nthawi zonse potsegula mapepala, n'kusolola pepala lawo la mafunso, lija analibisa m'kabati kunyumba kuti maso a akuba asalione.

"Ngati maso akowo si mikanda, yang'ana apa." Anagogoda ndi chalacho pa kadontho kam'mwamba, kakuda bii. "Werenga mabokosi kuchokera pansipa. Werenga mokweza, manyazi akugwire bwino."

Olinda anawerama n'kuyang'anitsitsa pepalalo m'malo mowerenga.

"Wasowa chonena eti? Ukawauze bambo ako anole khasulo."

Ananyambitanso chala kuti apeze pepala la mtsikanayo alembepo ziro. Kanthu kena kowawa kanawakhuza palilime.

"A purofesoro," anatero Olinda motsitsa mawu, "kadontho kanu kachoka."

Anayang'ana. Pamene anagogoda paja panangotsala kabanga konyowa. Chapansi pake panali kadontho kenikeni, kotuwa, ka inki yothera ya makina, pamalo opereka 2 ndendende.

"Chinali chitosi cha mphemvu chija," anatero Olinda. " Kwathunso zimatero m'makabati."

A Osvaldo anafuna kulavula, koma anali atameza kale.